Kodi m'bindikiro n'chiyani kwenikweni, nanga kuno kwathu unachitikapo?

Bambo Kamwendo, Area 25

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu pano. Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi ndinatsutsana nthawi yaitali ndi mkamwini wanga pa nkhani imene ambiri mwa inu mukuidziwa bwino kuposa ine. Iye akuti dziko la Malawi silinalowepo m'bindikiro pa nthawi ya Covid-19, chifukwa khoti linauletsa usanayambe n'komwe. Ine ndikuti unachitika, pakuti sukulu imene ndinkaphunzitsa inatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ana a Sitandade 8 sanabwerere m'kalasi mpaka mwezi wa Sepitembala, ndipo mu Januwale 2021 munthu sankaloledwa kuyenda usiku ikakwana 9 koloko. Ngati zimenezi sizinali m'bindikiro, zinali chiyani? Tinasiyana tisanamvane, ndipo ndili m'njira ndinazindikira kuti aliyense wa ife anali ndi tanthauzo lakelake la liwu limodzimodzilo. Ndikupempha amene mumagwira ntchito zachipatala ndi zamalamulo mutiunikire, kuti tikamayerekeza zimene maiko osiyanasiyana anachita tizidziwa chimene tikuyerekezacho.

Mayi Nabanda, namwino, Area 18

Aphunzitsi, inu ndi akamwini anu nonse mukunena zoona, ndipo vuto lagona pa liwulo. Chaka cha 2020 chisanafike, liwu lakuti m'bindikiro tinkalimva timu ya Flames ikamakonzekera masewero, kapena akhristu akamapita kukapemphera padera kwa masiku angapo. M'bindikiro wotero munthu amalowa mwa kufuna kwake, amadziwa tsiku lotuluka, ndipo chakudya chimakhala chitakonzedwa kale. Mliri utabwera tinatenga liwu lomweli n'kulisenzetsa zinthu zingapo zimene kuchipatala timazisiyanitsa kwambiri.

Kupatula munthu amene wapezeka ndi nthenda kuti asapatsire anzake ndi njira yakalekale, ndipo makolo athu ankachita zimenezi ndi odwala nthomba ndi khate. Kusunga padera munthu amene sakudwala koma anakhudzana ndi wodwala ndi chinthu china, ndipo masiku ake satchulidwa mwachisawawa. Amawerengedwa potengera nthawi imene kachilombo kamabisala m'thupi zizindikiro zisanaoneke, n'chifukwa chake pa Covid-19 poyamba ankati masiku 14, pamene pa Ebola ndi masiku 21. Njira imeneyi inalembedwa koyamba ngati lamulo mu mzinda wa Ragusa, umene lero ndi Dubrovnik ku Croatia, m'chaka cha 1377, pamene apaulendo ochokera kumene kunali mliri ankadikira masiku 30 asanalowe mu mzinda, ndipo pambuyo pake ku Venice anawonjezera masikuwo kufika pa 40. Palinso kuzinga dera lonse kuti munthu asalowe kapena kutuluka, ngakhale a m'katimo akuyenda momasuka. Chomaliza, chimene ine ndimachitcha m'bindikiro weniweni, ndi kulamula aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe, kuti akhale pakhomo, mashopu ndi ntchito zambiri zitatsekedwa. Ku Wuhan, m'dziko la China, anaphatikiza kuzinga mzinda ndi kutsekera anthu m'nyumba, kuyambira pa 23 Januwale mpaka pa 8 Epulo 2020, masiku 76, mu mzinda wa anthu pafupifupi 11 miliyoni. Kuno zimenezo sizinachitike. Chimene tinaona ife ndi ziletso zina ndi zina popanda lamulo lokhala pakhomo.

Bambo Chirwa, Area 47

Ndiwonjezere za mbali ya malamulo, chifukwa masiku ake amathandiza kuthetsa mkanganowu. Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi pa 20 Malichi 2020, kachilomboka kasanapezeke m'dziko muno, ndipo analetsa misonkhano ya anthu oposa 100. Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo, ndipo anali a mu Lilongwe momwe muno. Kenaka nduna ya zaumoyo, a Jappie Mhango, inalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo mpaka pa 9 Meyi. Mavenda anachita zionetsero ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ena atanyamula zikwangwani zonena kuti njala idzawapha kachilombo kasanawafike. Bungwe loteteza ufulu wa anthu la HRDC pamodzi ndi anthu ena linapita ku khoti lalikulu, ndipo pa 17 Epulo, kutatsala tsiku limodzi, Jaji Kenyatta Nyirenda anapereka chiletso.

Anthu ambiri amaima pamenepo, koma nkhaniyi inapitirira. M'mwezi wa Sepitembala chaka chomwecho oweruza a khoti loona za malamulo aakulu a dziko anagamula kuti malamulo a m'bindikirowo anali osemphana ndi malamulo aakuluwo. Mfundo yake inali yakuti nduna singalande anthu ufulu woyenda ndi wofunafuna chakudya pongogwiritsa ntchito lamulo la zaumoyo, limene ndi la chaka cha 1948, popanda kutsata njira yapadera imene gawo 45 la malamulo aakulu limaika, momwe Nyumba ya Malamulo imakhala ndi mawu. Choncho kwa ine monga munthu wa zamalamulo, kusiyana kwa njira zimene Mayi Nabanda afotokozazi si kwa mayina okha. Kupatula wodwala mmodzi lamulo la zaumoyo limalola, koma kutsekera anthu oposa 17 miliyoni m'nyumba zawo ndi nkhani ina kotheratu.

Bambo Gondwe, Kawale

Ine m'bindikiro weniweniwo ndinauona ndi maso, chifukwa nthawi imeneyo ndinali ku Johannesburg kumene ndinkagwira ntchito m'nyumba yodyera. Pulezidenti Cyril Ramaphosa analankhula pa 23 Malichi, ndipo pofika pakati pa usiku wa pa 26 Malichi zonse zinaima. Asilikali anali m'misewu, mowa ndi fodya zinaletsedwa kugulitsa, ndipo munthu ankatuluka pokhapokha ngati akupita kukagula chakudya kapena mankhwala. Anati masiku 21, koma atatha anawonjezera ena, kenaka anabweretsa magawo asanu, gawo lachisanu kukhala lokhwimitsitsa ndipo loyamba lopepuka.

Chimene ndikufuna kunena n'chakuti lamulo linali limodzi koma anthu sanalimve mofanana. Bwana wathu anali ndi nyumba ya mpanda, kapinga kuseri ndi firiji yodzaza, ndipo kwa iye m'bindikiro unali ngati tchuthi chotopetsa. Ife tinali amuna asanu m'chipinda chimodzi, Amalawi anayi ndi mnzathu wa ku Zimbabwe, ndipo sabata yachitatu isanathe tinayamba kudya kamodzi patsiku, nsima ndi kabichi wothira mchere. Malipiro anaima, lendi sinaime, ndipo kuno kumudzi amayi ankadikirabe ndalama ya feteleza. Ndikamamva anthu akuti dziko lakuti linachita bwino chifukwa linatseka msanga, ndimafuna kufunsa kuti akunena za nyumba iti m'dzikolo.

Mayi Nangozo, Mtandire

Achimwene a Gondwe mwandilankhulira. Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi, ndipo ndalama imene ndapeza lero ndi imene imagula ufa wa madzulo ano ndi kupikulira katundu wa mawa. Pamene analengeza za masiku 21 aja ndinakhala pansi ndi mwana wanga wamkazi n'kuwerengera zimene zinali m'nyumba. Tinali ndi ufa wokwana masiku anayi, makala a masiku awiri, ndi sopo mmodzi. Madzi timatunga pa kiyosiki, ndowa iliyonse n'kulipira, ndipo chimbudzi timagwiritsa ntchito mabanja asanu ndi limodzi a pa poloti imodzi. Munthu wotere mukamuuza kuti asatuluke pakhomo, madzi osamba m'manjawo awatenga kuti, ndipo kuchimbudzi akakumana ndi ndani ngati si anthu omwewo amene mukuti awapewe?

Boma linadzalonjeza K35,000 pamwezi kwa mabanja ovutika a m'mizinda, koma lonjezolo linabwera khoti litaletsa kale, osati m'bindikirowo usanalengezedwe. Zikanayamba ndi ndalamazo ndi thumba la ufa, mwina mavenda sakanapita kumsewu. Ndinenenso kuti ziletso zimene ena mukuzitcha zopepuka kwa ife zinali zolemera. Mu Januwale 2021 anati misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, pamene nthawi imeneyo ndi imene anthu amaweruka ku ganyu n'kubwera kudzagula ndiwo. Tomato sadikira, ndipo ndinataya madengu angapo ataola.

Mayi Nabanda, namwino, Area 18

Amayi, zonse mwanenazi ndi zoona ndipo sindingazitsutse. Komabe ndikupempha kuti tisafike ponena kuti ziletso zinalibe ntchito, chifukwa Januwale yemweyo amene inu munataya tomato ife tinali mu wodi tikusinthanitsa silinda imodzi ya mpweya pakati pa odwala awiri. Ndimakumbukira bambo wina wachikulire amene anandigwira dzanja usiku wonse, akulephera kumaliza ngakhale liwu limodzi chifukwa cha befu, ndipo kunja kukucha anatisiya. Pa 12 Januwale 2021 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo tsiku lomwelo Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Bwalo la masewero la Bingu linasandulika chipatala chifukwa malo anachepa.

Cholinga cha m'bindikiro si kupha kachilombo. Cholinga chake ndi kuchepetsa kukumana kwa anthu, kuti wodwala mmodzi amene akanapatsira anthu atatu apatsire mmodzi kapena asapatsire aliyense, ndipo odwala asafike kuchipatala onse nthawi imodzi. Ndi kugula nthawi basi. Funso limene ine ndimafunsa poyerekeza maiko ndi lakuti nthawi imene anagula mokwera mtengo choteroyo anachita nayo chiyani. Ku New Zealand anatseka mwamphamvu pa 25 Malichi 2020 odwala adakali ochepa, anatseka malire, anafufuza aliyense amene anakhudzana ndi wodwala, ndipo patapita masabata angapo anthu anabwerera ku ntchito. Dziko limene latseka anthu koma osawonjezera zoyezera, mabedi ndi mpweya limangopezanso mliri uli pakhomo tsiku lotsegula.

Bambo Mbewe, mlangizi wa zaumoyo, Kauma

Pali mbali ina imene sitinaikhudze, ndiyo yakuti njira iliyonse iyenera kugwirizana ndi mmene nthendayo imayendera. Ife a m'madera tinaphunzira zimenezi pa kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa koposa m'mbiri ya dziko lino. Kolera sayenda mu mpweya, amayenda m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa ndi chimbudzi cha wodwala. Mutatsekera anthu a ku Kauma kapena ku Mgona m'nyumba zawo koma akumwabe madzi a pa chitsime chosatetezedwa, simunatchinge kanthu. N'chifukwa chake ntchito yathu inali kugawa kolorini khomo ndi khomo, kuletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu, kuyang'anira maliro, ndi kupereka katemera. Sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri mu Januwale 2023, koma palibe amene analamula kuti anthu akhale pakhomo, ndipo sikukanathandiza.

Ebola nayo ndi yosiyana, chifukwa imafala pokhudza magazi, masanzi kapena mtembo wa wodwala, ndipo munthu sapatsira mnzake asanayambe kuonetsa zizindikiro. Ku West Africa m'chaka cha 2014 kunachitika zinthu ziwiri zoyenera kuziika pamodzi. Ku Liberia, pa 20 Ogasiti, asilikali anazinga dera la West Point mu mzinda wa Monrovia, dera lothithikana ngati Mtandire, popanda kukambirana ndi eni dera. Mitengo ya chakudya inakwera, anthu analimbana ndi asilikali, mnyamata wina anawomberedwa n'kumwalira, ena ankatuluka mozemba, ndipo patatha masiku khumi boma linachotsa mpandawo. Ku Sierra Leone, kuyambira pa 19 mpaka pa 21 Sepitembala, dziko lonse linakhala pakhomo masiku atatu okha, tsiku lake litalengezedwa pasadakhale, ndipo anthu odzipereka zikwi zambiri anayenda nyumba ndi nyumba kugawa sopo, kuphunzitsa ndi kufufuza odwala obisika. Zonse ziwiri m'nyuzipepala zinatchedwa ndi dzina limodzi, koma sizinali chinthu chimodzi. Ku Uganda mu Okutobala 2022 Ebola itabuka sanatseke dziko lonse, anangozinga maboma awiri, Mubende ndi Kassanda. Alimi akuno njira imeneyi amaidziwa bwino, chifukwa chigodola cha nkhumba chikabuka a zaulimi amaletsa kutulutsa nkhumba ndi nyama yake m'boma lokhudzidwalo, osati m'dziko lonse.

Bambo Chirwa, Area 47

A Mbewe, nkhani ya West Point yandikumbutsa za kuno kwathu. Kumapeto kwa Meyi 2020 abale athu mazana angapo amene anabwera pa mabasi kuchokera ku South Africa kudzera pa chipata cha Mwanza anasungidwa pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre podikira zotsatira, ndipo ambiri anathawa asanazimve, akudandaula za chakudya, madzi ndi zimbudzi. Pa pepala njirayo inali yolondola, ndipo lamulo linkailola. Inalephera chifukwa munthu amene wamusunga uyenera kumudyetsa. Ku India zinachitika pa mlingo waukulu kwambiri, pamene nduna yaikulu ya dzikolo, a Narendra Modi, analengeza m'bindikiro pa 24 Malichi 2020 kutatsala maola anayi okha kuti uyambe, ndipo antchito aganyu miyandamiyanda anayamba ulendo wapansi wobwerera kumidzi yawo.

Bambo Kamwendo, Area 25

Ndathokoza nonse, ndipo ndaphunzira zambiri. Pali chinthu chimodzi chimene chikundivutabe. Ndinkaphunzitsa ana za chimfine cha 1918, ndipo zitsanzo zake zimaoneka zomveka bwino. Ku America, mzinda wa Philadelphia unalola chionetsero chachikulu cha m'misewu pa 28 Sepitembala 1918 ndipo patangopita masiku ochepa zipatala zinadzaza, pamene St. Louis anatseka sukulu, matchalitchi ndi malo a zisangalalo msanga ndipo imfa zinachepa. Ku Western Samoa sitima ya pamadzi yotchedwa Talune inaloledwa kukocheza ili ndi odwala, ndipo munthu mmodzi mwa asanu alionse anamwalira, pamene ku American Samoa, zilumba zoyandikana nazo, anatseka doko ndipo sanataye munthu. Koma pa Covid-19 mkamwini wanga amanditchulira dziko la Sweden, limene silinalamule anthu kukhala pakhomo ndipo sukulu za ana aang'ono sizinatsekedwe, kenaka amanditchulira Malawi yemwe, amene anachititsa misonkhano ya ndale ndi chisankho pa 23 Juni 2020 koma sitinaone mitembo m'misewu monga ankaneneratu ena. Ndimuyankhe bwanji?

Ndinenenso za mtengo umene ine ndinauona. M'kalasi langa munali atsikana amene sanabwererenso sukulu itatsegulidwa, ena ali ndi pakati, ena atakwatiwa kumudzi. Mmodzi anali wanzeru kwambiri pa masamu, ndipo ndinamupeza pa msika wa ku Nsungwi akugulitsa mandasi mwana ali kumbuyo. Anandipatsa moni mwaulemu koma sanandiyang'ane kumaso. Ku Uganda sukulu zinakhala zotseka pafupifupi zaka ziwiri, mpaka pa 10 Januwale 2022, ndipo ndikaganiza za ana a kumeneko mtima umandiwawa.

Mayi Nabanda, namwino, Area 18

Aphunzitsi, akamwini anu muwauze kuti dziko la Sweden silinangokhala manja lende. Linaletsa misonkhano ya anthu oposa 50, ana a makalasi apamwamba a sekondale ndi a m'mayunivesite ankaphunzira ali kunyumba, alendo analetsedwa m'nyumba zosungira okalamba, ndipo anthu ambiri anasiya okha kuyendayenda chifukwa ntchito zawo ankatha kugwirira pa kompyuta. Ngakhale zinali choncho, m'chaka cha 2020 kumeneko kunamwalira anthu ochuluka kwambiri poyerekeza ndi Norway ndi Finland, maiko oyandikana nawo amene anatseka mwamphamvu poyamba. Akatswiri a ku yunivesite ya Oxford anayesa kuthetsa chisokonezochi popanga muyeso woyambira pa 0 mpaka 100, wowerengera ziletso monga kutseka sukulu, malo a ntchito, maulendo ndi misonkhano. Muyesowo ndi wothandiza, koma umayeza zimene boma lalemba, osati zimene anthu akuchita. Lamulo lakuti minibasi izinyamula anthu ochepa linalipo ndithu, koma amene munakwera minibasi ya ku Area 25 kuchokera m'tauni madzulo mukudziwa mmene zinkakhalira mukangodutsa apolisi.

Za Malawi, tisaiwale msinkhu wa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, pamene ku Italy, kumene anatseka dziko lonse mu Malichi 2020, anthu oposa mmodzi mwa asanu alionse anali a zaka 65 kapena kuposerapo, ndipo nthendayi inkapha kwambiri okalamba. Ambiri mwa ife timakhalanso kumidzi ndipo ntchito timagwirira panja. Komanso amene anamwalirira kunyumba osayezedwa sanalowe m'chiwerengero. Kuyerekeza imfa za maiko awiri osaganizira zimenezi n'kunamizana. Pa za sukulu ndikugwirizana nanu kwathunthu. Ana ndi amene nthendayi inkawagwira mopepuka, koma ndi amene tinawatsekera nthawi yaitali kuposa aliyense, pamene misonkhano ya ndale inkapitirira.

Bambo Mbewe, mlangizi wa zaumoyo, Kauma

Mayi Nangozo, ndikufunseni inu mwachindunji, chifukwa mliri wina ukadzabwera ndife amene tidzatumidwe kudzalankhula nanu. Tiyerekeze kuti yabuka nthenda yoyenda mu mpweya, yopha ana ndi akulu omwe, ndipo palibe njira ina koma kuti anthu a m'dera lanu akhale pakhomo masabata awiri. Chingafunike n'chiyani kuti inuyo ndi anzanu a pamsika mumvere?

Mayi Nangozo, Mtandire

Bambo Mbewe, funso limeneli palibe amene anatifunsa mu 2020, ndiye ndiyankha mosamala. Choyamba atiuze kudakali masiku, mwina asanu, kuti ndigulitse tomato amene ndili naye ndipo ndisapikule wina. Ufa, nyemba, mchere ndi makala zifike pakhomo tsiku lotseka lisanakwane, osati kulemba mayina lero katundu n'kudzabwera miyezi itatu itadutsa. Kiyosiki ya madzi isatsekedwe, ndipo masiku amenewo tizitunga osalipira, nyumba iliyonse ndi nthawi yake kuti tisaunjikane pa mzere. Eni nyumba auzidwe ndi boma lomwelo kuti lendi ya mwezi umenewo idikire. Ndipo mawuwo abwere ndi inu alangizi pamodzi ndi amfumu athu a m'dera, chifukwa inu timakudziwani, munatigawira kolorini nthawi ya kolera ndipo ana athu mumawayeza sikelo. Mayina a anthu musavutike kuwafunafuna. Komiti ya pamsika pathu ili ndi kope limene muli aliyense amene ali ndi benchi, ngakhale amayi amene amayala masamba pansi kunja kwa mpanda, ndipo limasungidwa ndi mlembi wathu amene amagulitsa usipa pafupi ndi geti.